Nyundo ya Ababa Ipita ku Mishoni

Tinanyamuka ku Limbe Lachisanu m'mawa, ine ndi Ababa, nyundo yawo ili m'thumba la chiguduli. Ababa anali osula makasu, ndipo ankayenera kubatizidwa Lamulungu. Ubatizo ankaufunira chinthu chimodzi: Amayi anagona kumanda a Akhristu, ndipo iwo sankafuna kukaikidwa kwina. Koma mkulu wa mpingo, a Matope, analamula kuti ayambe ataya nyundo. Akuti m'Malembo wosula woyamba anali wa mbumba ya uja anapha mbale wake, mbumba imene inamira yonse pa chigumula, ndiye ntchitoyi njotembereredwa. A Matope omwewo ankalima ndi khasu la Ababa. Zinandipsetsa mtima, sindibisa.

Sitima inalipo, koma Ababa anakana. "Ndipereke tiki kuti chitsulo chindinyamule? Ine ndachinyamula ulere moyo wanga wonse." Tinayenda pansi. Thumba sindikanawalandira, poti mkazi sakhudza nyundo. Ndinasenza chinangwa chootcha.

Dzuwa litakwera tinapuma pa Chichiri. Ababa anagogoda njanji, natchera khutu. "Chitsulo chabwino," anatero, "koma wosula wake sankadziwa polekezera." Pomwepo panali Che Saidi, wokoka gareta, kangolo konyamula anthu, akudikira bwana wake. Atamva za ulendo wathu anati, "Kwathu kumzikiti amati mneneri wina ankaumba chitsulo ndi manja ngati dongo." Ababa anayang'ana zikhatho zawo zodzaza zipsera. "Ameneyo anali ndi mwayi," anatero. Tinampatsa chinangwa, iye natithyolera nzimbe.

Masana tinadutsa ku Mandala, kumene makasu a ku Ulaya anaunjikidwa pakhonde la sitolo. Ababa anaima, nawawerenga ndi maso, n'kutembenukira kwa ine. "Esinati, otembereredwa a ku Ulaya akugwira ntchito ndithu."

Tinawoloka Mudi, n'kufika kumishoni dzuwa litapendeka. Mbusa wachizungu, amene anthu ankamutcha Magalasi, anatilandira pakhonde. Ababa anaika nyundo pansi.

"Bwana, osula onse anamira?"

"Zikuoneka choncho."

"Nanga ng'anjo zakale zili kuseri kwa Ndirande, zimene agogo a agogo anga anazipeza zitagumuka kale, anaumba ndani?"

Magalasi anatsegula buku, nawerenga mibadwo ndi zala mpaka zala zinatha. "Mwina ana a uja anapulumuka m'chombo."

"Eya. Chombocho anasema ndi chiyani? Mano?"

Ine ndinayang'ana pansi, phwete ali pakhosi. Magalasi anapukuta magalasi ake, nati alembera kalata anthu ophunzira a kwawo, koma yankho lingatenge miyezi.

"Ubatizo ndi mkuja, bwana," anatero Ababa. "Mkazi wanga akundidikira. Ngati n'choncho, nyundoyo tengani."

Anaikankha ndi phazi. Kuseka kunandithera pompo. Nyundo imeneyo inali ya atate awo, ndipo ndi imene inatilera tonse.

Kenaka Magalasi anafunsa ngati Ababa angathe kulumikiza kachitsulo kogogoda m'kati mwa belu la tchalitchi, kamene kanathyoka, moti anthu ankaitanidwa ndi ng'oma. Ababa anafunsa ngati belu lotembereredwa lingaloledwe. Mbusayo anati funso limenelo lilowanso m'kalata.

Loweruka lonse Ababa anasula kuseri kwa tchalitchi. Lamulungu belu linalira mpaka kutsidya kwa Mudi, ndipo wokoka chingwe anali a Matope. Ababa anabatizidwa, thumba lili pansi pa benchi.

Lolemba tinabwerera pa sitima. Ababa anapereka tiki osadandaula.

Yankho la kalata ija silinafike mpaka lero, ndiye musandifunse ngati ng'anjo za ku Ndirande zinatsogola kapena zinatsatira chigumula. Ndinangoona kuti mlandu umene buku lalephera, belu lothyoka likhoza kuweruza. Atamwalira, Ababa anagona pambali pa Amayi, ndipo manda awo anakumbidwa ndi makasu amene anasula iwo eni.