Katemera Amene Anazizira Mopitirira

Lachiwiri ndinapita ndi mwana wanga Tamara kusikelo. Ndinamubereka kumbuyo ndi chitenje cha malemu mayi ake, ndipo amayi a ku Kande anandiseka njira yonse.

"Ada, mfundo imeneyo ndi yomangira mbuzi," anatero mmodzi, n'kuimasula, n'kumanganso bwino.

Chifuwa chokoka mtima chavuta kwathu kuno mwezi uno, ndipo Tamara anali atatsala ndi jakisoni womaliza. Ndiye ganizirani mmene ndinamvera pamene anamwino, mayi wa ku Dedza, anakhutchumula kabotolo ka katemera, n'kukayang'ana padzuwa, n'kunena kuti, "Lero sitibaya."

Firiji ya pachipatala chathu imayendera palafini. Moto ukakula, kuzizira nakonso kumakula. Tsono amlonda, poona kutentha kwa Okutobala, anakweza motowo pofuna kuteteza mankhwala a ana athu. Katemera wa m'mabotolo onse anauma gwa ndi kuzizira, kenako n'kusungunuka.

"Nanga si asungunuka?" anafunsa mayi wina wa ku esiteti ya labala. "Bayani tizipita, akapitawo sadziwa za sikelo."

"Mayi, inuyo utomoni wa labala ukagwirana mumaubweza?" anayankha anamwino.

"Ukagwirana ndiye kuti wapsa, umenewo ndi malipiro."

Tonse tinaseka, koma jakisoni sanabayidwe.

Anamwino sanalakwe. Za m'kabotolo kaja n'zosakhwima ngati zam'kati mwa dzira. Ntchito yake ndi kuphunzitsa thupi kupanga asilikali olimbana ndi matenda. Zikatenthedwa kapena kuuma ndi chisanu zimagwirana timibulu, ndipo sizibwerera mwakale. Mwana amabayidwa, amalira, khadi limalembedwa, koma chitetezo palibe. Kodi pali chinyengo choposa pamenepa?

Amlonda aja ndikuwamvetsa, chifukwa mtima wawo ndi wathu tonse. Dokotala akati piritsi limodzi, timamwa awiri kuti tichire msanga. Alangizi akati feteleza kachibekete kamodzi, timathira katatu, chimanga n'kupserera. Timayesa kuti chabwino chikachuluka chimakomerakomera, kuiwala kuti ndiwo zimawawa ndi mchere womwe uja.

Chichokereni mayi ake, Tamara ndimamuveka majuzi awiri, ngakhale mu Okutobala. Pomuyeza, anamwino anamuvula imodzi, n'kuipinda, n'kundipatsa. Ndinaiika m'thumba.

Lachisanu galimoto inabweretsa katemera wina m'bokosi lozizira. Anamwino anakhutchumulanso kabotolo, timibulu munalibe. Tamara anabayidwa, ndipo analira mpaka asodzi kunyanja anatembenuka. Sindinamvepo kulira kokoma chotero. Amlonda anabwera ndi nthochi kudzamutonthoza, maso ali pansi.

Motero ndikufunsani, awerengi: ndi moto uti umene mwaukweza pakhomo panu chifukwa cha chikondi, ndipo ndani angalimbe mtima kukuuzani kuti muuchepetse?