Bambo Anga Adzaima Mbali Iti?

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene bambo anamwalira. Ankakonza njinga pa Golomoti, munthu wanthabwala, manja ali bii ndi girisi. Analinso woimba ng'oma ku gule wamkulu, ndipo za ubatizo ankangozengereza. Mayi, Mkatolika wosavula kolona m'khosi, akawachonderera, iwo ankaseka n'kuti, "Chaka chamawa, amake Lusiya." Malungo sanadikire chaka chamawacho. Pamaliro awo sipanamveke nyimbo ya kutchalitchi ngakhale imodzi. Anaperekezedwa ndi zilombo za gule, fumbi lili koboo.

Patapita miyezi, akatekisiti ankatiphunzitsa pansi pa mtengo wa mango za tsiku lomaliza: lipenga lidzalira, manda adzatseguka, nkhosa kudzanja lamanja, mbuzi kumanzere kumoto wosazima. Ine, pakamwa panga posachedwa kuyabwa, ndinafunsa, "Nanga bambo anga adzaima mbali iti?" Anzanga anaseka. Akatekisitiwo sanali munthu woipa. Anayang'ana pansi n'kuti, "Mwana wanga, nthawi yosankha ndi ya pansi pano."

Ndinathamangira kunyumba. Ndinapeza mayi akupeta mpunga pakhonde, mungu utawayeretsa nsidze. Ndinkayembekeza kuti anditsutsa n'kunena kuti ndamva molakwa. Anaika lichero pansi, nkhuku n'kuyamba kujompha, iwo osazipirikitsa.

"Lusiya, funso limenelo limandisowetsa tulo inenso," anatero. "Akadzatidzutsa, ine andiimike uku, bambo ako uko, ndiye ndiziimba aleluya ndikuwaona akupsa? Sindidziwa, mwana wanga."

Aka kanali koyamba kumva mayi akunena kuti sakudziwa, ndipo zinandiopsa kuposa motowo.

Kutchalitchi sanasiye. Ankayenda wapansi mpaka ku mishoni ya Mua, ndi miyendo yotupa, kukapempherera munthu amene ankakhulupirira kuti mlandu wake unatha kale. Anamwalira ali choncho, ndipo kwaya inawaimbira mpaka kumanda.

Ansembe ena andiuzapo kuti chifundo cha Mulungu ndi chachikulu kuposa mmene tinkaphunzirira kale. Ndimagwedeza mutu, koma mtima sumva. Ndakalamba tsopano, ndipo ndazindikira kuti imfa sindiiopa kwenikweni. Pansi pa nthaka mayi ndi bambo onse awiri agona chimodzimodzi, palibe wowasiyanitsa. Chimene ndimaopa ndi kuuka. Ena akuliyembekeza tsikulo ngati la chikondwerero, koma ine ndimaona tsiku lodzawaonanso bambo kamphindi chabe, kenaka n'kukhala wamasiye kachiwiri.