Mmisiri amene anakana mowa wa chiliza

Loweruka lapitali tinamanga chiliza pamanda a mkazi wanga, Elube, kwawo kwa Zulu. Za imfa yake sindilemba. Ndilemba za mmisiri.

Dzina lawo ndi a Lingisoni. Kale ankapalasa kabaza pa boda, kunyamula katundu wa amalonda a ku Chipata. Zimene apeza masana zinkathera m'kachasu. Tsiku lina ataledzera anavulaza mnzawo ndi botolo, khoti n'kuwatumiza kundende. Zomangamanga anaphunzirira komweko. Mowanso anausiyira komweko, ndipo chitulukireni sanaulawe. Amakumana ndi anzawo osiya mowa kuseri kwa tchalitchi china pa boma.

Ndinasankha iwowo chifukwa Elube ndi amene anawapatsa ntchito yoyamba atatuluka, yomanga khitchini yathu, anthu akumunena kuti akuitanira mbava pakhomo.

Ntchito inayenda bwino. Pofika masana simenti inali itasalazidwa, a Lingisoni atagwada, akulemba dzina ndi msomali isanaume. Apo ndi pamene malume ake a Elube anafika ndi chipanda cha masese. Kumeneko, mowa wa chiliza chipanda choyamba ndi cha mmisiri.

“Amisiri, tsukani kukhosi,” anatero malumewo. “Fumbi la simenti silitsika ndi madzi.”

“Zikomo bambo, koma ine ndinasiya.”

“Munasiya? Kundende anakuzolowezani tiyi wamkaka eti?” Anthu anaseka. “Uwu si mowa wa ku bala ayi. Ndi wa mwana wathu wagona apayu. Mukukana iyeyo?”

Ndinalowererapo. “Malume, apatseni thobwa.”

“Akamwini, inu lirani mkazi wanu. Za mwambo tisiyireni eni ake.”

Akuluakulu anati mkamwini asamakule mwendo. Digiri yanga pamanda a kuchikazi ilibe mawu.

Malume anawaika a Lingisoni chipanda m'manja. A Lingisoni anauyang'ana mowa uja nthawi yaitali, akumeza mate. Kenako anachitsitsa pansi mwaulemu, anatola mpeni wawo womangira, n'kukwera njinga osatsanzika.

Simenti inauma dzina lili pakati. Pachilizapo pali ELU basi.

“Akaidi ndi choncho,” anatero mayi wina. Bambo wina anathamanga kukaona ngati wilibala ikadalipo. Inalipo. Malume, amene m'mawa analonjeza a Lingisoni ntchito yomanga nyumba ya njerwa akagulitsa fodya, analengeza pomwepo kuti munthu wamwano sadzapondanso pakhomo pawo.

Tsono owerenga, tiyeni tifunsane. Timakonda kunena kuti wotuluka kundende timulandire. M'matchalitchi timaimba nazo. Koma ntchito zimene timamupatsa ndi ziti? Kukumba manda, kuumba njerwa, kukweza denga, kukweza matumba mu lole pa boda. Nanga ntchito zimenezi timathokoza ndi chiyani? Si botolo kodi? Lomwe lija linamutsekulira chitseko cha ndende?

Akamwa, n'kuyambanso kugwa m'ngalande, timagwedeza mutu: tinanena ife, sangasinthe. Akakana, timati ndi wonyada, wanyoza mwambo. Njira yachitatu tinamusiyira ili kuti?

Mwambo sindikuunyoza. Mowa wa chiliza uli ndi malo ake, ndipo amayi amene anauphika anachita zimenezo pokonda Elube. Koma munthu wa matenda a shuga akakana tiyi wotsekemera, timamufunsa ngati akukana malemu? Timamupatsa madzi, nkhani n'kutha. Uchidakwa wokha ndi matenda amene timati wodwalayo aonetse ulemu pomwa chimene chikumupha.

Lolemba ndinakawapeza pa boma, akukonza khonde la golosale ya Msilamu wina. Kumeneko bola, palibe amene angawapatse chipanda. Atandiona anavula chipewa.

“Achimwene, mundikhululukire. Ndikanakhalapo pang'ono pokha, ndikanamwa. Ndipo ine sindidziwa kumwa chipanda chimodzi.”

Ndinawauza kuti palibe mlandu.

“Mayi aja anandikhulupirira,” anatero, maso ali pansi. “Sindikanaledzera pamutu pawo.”

Ndinayang'ana kumsewu kufikira malole awiri atadutsa. Kenako tinakamba za mtengo wa mchenga.

Dzulo malume atumiza uthenga. Apeza mmisiri wina, akuti wodziwa mwambo, woti adzamate simenti yatsopano n'kulemba dzina lonse. Sindinawayankhe. Ndikudziwa kuti yankho langa silikudikiridwa.

Koma zilembo zitatuzo zisanafufutidwe, ndikufunseni inu. Tinalipo ambiri pamanda paja, abale, apongozi, ine mwamuna wake. Amene anamupatsa ulemu Elube tsiku limenelo ndani?