Madzi a Pamsana pa Tamiwe

Elesi Sakala ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi. Ndi mayi wamasiye, mlimi wa mtedza ku Chipangali. Amalera mdzukulu mmodzi, Tamiwe. Mayi ake a mwanayo, Thandiwe, amagulitsa salaula, zovala zogwiritsidwapo kale, ku Mwami kumalire ndi Malawi, ndipo amafika pamudzi mwa apo ndi apo.

Elesi saopa njoka, saopa kusambitsa maliro. Chimene ankaopa ndi singano ya pamsana.

Amuna awo, a Fulansisi, anamwalira kalekale ku chipatala cha m'tauni. Anadwala mutu nthawi yaitali ali kunyumba. Atafika nawo kuchipatala, adokotala anawapinda msana, anawabaya n'kutenga madzi. Kutacha anali atapita. Kuyambira pamenepo banja linagwirizana kuti palibenso wa m'banjamo amene adzatengedwe madzi a pamsana. Sali okha. Kwathu kuno ambiri amati madzi amenewo ndiwo moyo wa munthu, ukawachotsa wamupha.

Chaka chatha, nthawi yokumba mtedza, Tamiwe anadwala asanakwanitse chaka. Chinayamba ndi chifuwa ndi kutentha thupi. Dolika, woyandikana nawo nyumba, anabweretsa makapisozi otsala kwa mwana wake. Elesi ankawatsegula n'kusungunula ufa wake m'supuni. Kale ankathandiza. Ulendo uno sanathandize. Mwana anakana phala, khosi linauma, liwombo linatupa. Analira kulira kosongoka, kenako anasiya ndi kulira komwe.

Elesi atapita naye ku kiliniki, anamwino sanachedwe naye. Anamukweza ambulansi ya ku Chipata.

M'wodi ya ana munali nasi wina wa mpango kumutu, dzina lake Mwasiti. Atamuika mwana diripu anafunsa:

"Ambuya, katemera wa chibayo analandira kangati?"

"Kamodzi. Mayi ake anali paulendo, ine ndinali kumunda."

"Amafunika katatu. Basi, zimenezo zapita. Mverani izi. Kachirombo koyambitsa chibayo nthawi zina kamakwera mpaka ku ubongo. Mankhwala tayamba, koma masiku ano tizirombo tina sitikumva mankhwala amene tinazolowera. Adokotala akufuna madzi a pamsana, pang'ono chabe, akaone ku labu kuti ndi kachirombo kanji, ndipo kangafe ndi mankhwala ati."

"Ayi," anatero Elesi.

"Popanda madziwo tikungoganizira."

"Ganizirani. Si ndinu munaphunzira?"

Anatuluka pakhonde kukaimba foni. Ya Thandiwe sinkalowa, anali atawolokera ku Malawi kukatenga katundu. Anaimbira a Bwezani, mlongo wawo wamkulu, mwini mbumba, amene mawu ake amamaliza nkhani zonse za ana a m'banjamo.

"Mwaiwala alamu anga?" anatero a Bwezani. "Anapita ndi mutu chabe, munabwera nawo m'bokosi. Musalole. Mukalola, manda ake mudzakumba nokha."

Elesi anabwerera pabedi. Masana mwana anakomoka, timanja tikugwedezeka, maso atatembenuka. Anamwino anathamanga, zinadutsa, koma thupi linali moto. Pabedi lina lapafupi anatchinga nsalu, ndipo mayi wina anatuluka atagwiridwa mapewa. Elesi anayang'ana pansi.

Mwasiti anabweranso, anakhala pamphepete pa bedi.

"Ambuya, ndamva zija mumakamba pafoni. Amuna anu anabwera kuno akuyenda okha?"

"Tinawanyamula."

"Akuyankhula?"

A Fulansisi anali atasiya kuyankhula asanachoke n'komwe pamudzi. Aliyense m'banjamo ankadziwa zimenezo, koma palibe ankazitchula.

"Sindikukulonjezani kanthu," anatero Mwasiti. "Akhoza kufa titatenga, akhoza kufa tisanatenge. Koma singano si imene ikumupha. Chomupha chili kale m'kati."

Nasi atachoka, Elesi anaiona nkhaniyo mmene inalili. Akakana mwana n'kufa, abale adzabwera kudzalira nawo, adzati ndi Mulungu. Akalola mwana n'kufa, adzakhala mayi amene anapha mdzukulu wake, mpaka kumanda. Kukana kunkateteza iwo. Mwanayo kunalibe chimene kunkamuchitira.

Anamuitana Mwasiti.

"Mwanawe, auze adokotala. Koma ndimugwira ndine, ndipo madziwo ndiwaone."

Anawalola. Anamugoneka Tamiwe chammbali, anamupinda monga anapindira a Fulansisi. Elesi anagwira timiyendo. Singano italowa sanatseke maso. Madzi anadontha pang'onopang'ono m'kabotolo, osadzaza ndi supuni yomwe. Anali otuwa ngati madzi otsukira mpunga. Adokotala anawayang'ana pa kuwala, n'kukwinya nkhope. Elesi anamvetsa kuti si mmene amayenera kuonekera.

Kenako kunali kudikira. Sanadye, sanagone. Ankangoika chala pamphuno pa mwana kuti amve mpweya. Foni inalira kangapo, a Bwezani. Sanaiyankhe.

Kunacha. Tamiwe ankapuma.

Patapita masiku, a ku labu anabweza yankho. Kanali kachirombo ka chibayo, ka mtundu wosamva mankhwala a gulu la makapisozi aja. Adokotala anasintha mankhwala. Mwasiti anati kachirombo kena akatumiza ku Lusaka, kumene amayang'anira mitundu imene ikuyenda m'dziko, kuti adziwe ngati katemera akuigwirabe. Elesi anangoti, "Apite nako kutali."

Kutentha kunayamba kutsika. Tsiku lina mwana anakankha supuni ndi dzanja n'kulira kulira kwake kwakale, kwaukali. Thandiwe anali atafika, ndiye analira m'malo mwa onse.

Anatuluka patatha milungu. Ku kiliniki anamumalizitsa katemera. Dolika akabwera ndi makapisozi, Elesi amamubweza nawo pakhomo.

Tamiwe tsopano akuyenda. Khutu la kumanzere silimva, madokotala akuti ndi matenda aja. A Bwezani akuti inalitseka ndi singano, ndipo chichitikireni sanapondenso pakhomo pa mlongo wawo.