Tsiku Limene Ndinatsuka Mbale ya Bwana

Ndimayendetsa galimoto ya bwana wina kuno kunja kwa dziko lathu, kudera la Msheireb, wokonda mbale zagalamafoni za nyimbo zachijeremani, zija zomveka ngati jenereta ikutha mafuta. Nthawi ya korona analamula kuti katundu aliyense wobwera azipoperedwa sanitaiza. Itafika mbale yatsopano, ine pofuna kuyamikiridwa ndinaisolola m'chikuto chake, n'kuikwecha bwinobwino ndi siponji yotsukira mapoto.

Bwana ataiika, singano inakakamira pamodzimodzi: khrr, khrr, khrr. Ndinadziona ndili kale pabwalo la ndege, ntchito itatha, ndikubwezedwa kwathu.

Iwo anatsinzina. "Ukumva, Phiri? Anthu awa anali akatswiri!"

"Zoonadi, bwana," ndinayankha, ndikugwedezera mutu.

Mpaka lero alendo akabwera amawaikira yomweyo, n'kundiitana kuti ndidzachitire umboni.