Ulendo wa ku Chalimbana ndi Wodwala M'mimba

Tinanyamuka kwathu, kufupi ndi mishoni ya Kasisi, Loweruka lina m'mawa m'mwezi wa Okutobala, zaka zija maminibasi atangochuluka pamsewu. Tinali atatu: ine, amuna anga a Lungu, ndi alongo awo aakulu a Esitere, amene anakumbatira basiketi ya chakudya cha wodwala ngati muli khanda. Ine sindinkaloledwa kuikhudza.

A Lungu anali m'chaka chachiwiri akuvutika m'mimba. Kutsegula, kutupa, kuonda mpaka lamba anamuboola mabowo atsopano. Magazi anakayezetsa, ndipo matenda aja amene aliyense ankawaopa sanapezeke. Apo m'pamene achibale anatembenukira kwa ine, ati ndinawadyetsa mankhwala. Anagwirizana kuti ulendowu ukatsimikiza zimenezo, ndidzabwerera kwathu ku Petauke, ana n'kuwasiya. A Esitere ankati tikupita kwa namwino wopuma pantchito. Ine ndinkadziwa mumtima kuti ndi sing'anga wovala diresi yoyera, ndipo chala chake chinali chitaloza kale.

Kukafika kumsewu waukulu wa ku Chipata tinakwera kavaneti kodzaza makabichi. Woyendetsa anawayang'ana a Lungu n'kufunsa, "Ba bosi badwala chani?"

"Funsani bamene babaphikila," anayankha a Esitere.

Ndinangoyang'ana makabichi.

Mu minibasi ya ku Chongwe kondakitala anafuna kuti basiketi ilipire ngati munthu, poti inakhala pampando. A Esitere anakangana naye mpaka anagonja, ndipo kunena zoona ndinawasirira. Mkazi uja akanakhala kumbali yanga, bwenzi ndikugona tulo. Panjira a Lungu ankagogoda denga pafupipafupi n'kuthamangira kutchire. Anthu ankang'ung'udza, ine manyazi ndi chisoni zikundidya.

Pa boma la Chongwe tinafika dzuwa lili paliwombo. Ndinagula vitumbuwa n'kudya ndekha, popeza chochokera m'dzanja langa chinali choletsedwa. A Esitere anapita kwa bambo wina wogulitsa mankhwala pathireyi pamodzi ndi maswiti, nagula makapisozi ofiira ndi achikasu. Anawamwetsa a Lungu pomwepo, monga ankachitira nthawi zonse akabwera kuchokera kwawo ku Matero. Mwezi ukatha ankawonjezera ndi mankhwala otsuka m'mimba, ati kuchotsa zimene ndinaikamo.

Lole yonyamula nkhuni za ku koleji ya aphunzitsi inatitula masana pafupi ndi famu ina ya ku Chalimbana, kumene kunkakhala namwino uja. Polowa pakhomo maso anga ankafufuza nsupa, mikanda kapena litchowa. Ndinaona ng'ombe, mitsuko, ndi mabuku a Chingerezi odzaza fumbi. Sizinandikhazike mtima pansi. Asing'anga ochenjera amabisa zida.

Namwinoyo, mayi Moonga, anali wamfupi, wosaseka. Anawafunsa a Lungu mafunso amene ine, mkazi wawo, sindikanayerekeza: amapita kangati, zimatuluka zotani, zimanunkha bwanji. Kenaka anafunsa za mankhwala. A Esitere anatulutsa makapisozi aja monyadira.

"Muziba," anatero mayi Moonga, "mu matumbo mwa munthu munkala tudoyo tung'ono, twambili. Twina ni twabwino, tuthandiza kugaya vakudya. Aya makapisozi yapaya tonse, monga moto wa mu sanga, siusankha. Manje imwe mutentha munda mwezi na mwezi, mufuna mumele chani?"

Ndinaganiza kuti mayiyu wapenga. Ife kusukulu anatiphunzitsa kupha tizilombo, uyu akuti tiziweta ngati nkhuku?

A Esitere anamva zawozawo. "Manje nindani anaikamo tudoyo?" anafunsa, diso lili pa ine.

"Palibe. Naimwe muli nato."

"Ine? Ine nisamba!" Anakonza chitenje mwaukali. "Tiuzeni chabe, ba sisita. Banadyesewa olo iyayi?"

Apa m'pamene panagona ana anga.

"Ine sindine ng'anga," anatero mayi Moonga. "Ivo siniona. Nakuuzani vamene niziba."

Anandikhumudwitsa kwambiri. Ulendo wonse ndinkaopa kuti andiloza chala, koma tsopano ndinakwiya kuti sananditsuke. Anangopitiriza ngati sanamve kanthu: makapisozi a pamsika alekeke, chimbudzi chikayezedwe ku kiliniki, ndipo a Lungu azimwa mabisi, mkaka wosasa uja, ndi munkoyo, thobwa lotsekemeretsa ndi mizu, tsiku ndi tsiku, azidya nyemba ndi masamba pang'onopang'ono. Anati zitenga miyezi, ndiponso sangalonjeze. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mtolo wa mizu ya munkoyo.

"Uyu ufunika munthu wamene ankala nabo pa nyumba. Nipase ndani?"

Tinatambasula manja tonse awiri, ine ndi alamu anga. Mayi Moonga anaima pakati, osapereka. A Lungu, amene chichokereni m'mawa sanalankhule kupatula kuimitsa minibasi, anadzutsa mutu.

"Bapaseni bamake Tisa. Ngati ni kufa, nizafa na munkoyo wa mukazi wanga."

Pobwerera a Esitere anakhala kutsogolo ndi dalaivala, ndipo mpaka pamene tinatsikira sanacheuke. Ine ndinakhala kumbuyo, mizu ili pamiyendo, mutu wa a Lungu uli paphewa panga. Ndikanayenera kusangalala, koma mawu awo ankandibaya. Sananene kuti ndilibe mlandu. Anangonena kuti alola kufa.

Anayamba kupeza bwino mvula itatha, pang'onopang'ono, ngakhale mimba yawo sinabwererenso mwakale. Kaya anali mabisi, kaya kuleka makapisozi, kaya mankhwala a njoka za m'mimba amene anawapatsa ku kiliniki, sindidziwa, ndipo tizilombo tija sindinationepo ndi maso. Ku Petauke sindinapite, ana ndinawalera ine mwini m'nyumba mwanga. Chimene ndinaphunzira n'chakuti matumbo amapola msanga kusiyana ndi mbiri ya munthu. A Lungu ndinawaphikira zaka zambiri, ankadya n'kuthokoza, koma sindinalimbe mtima kuwafunsa ngati tsiku lija anandikhulupirira kapena anangotopa.