Sipika ya Amayi mu Ampu ya Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu chaka chimene amayi anamwalira. Tinkakhala ku Nkhulambe, pamudzi pa amayi, zaka zija matipate atangokhazikika, pamene matchalitchi ang'onoang'ono ankamera paliponse ndipo lililonse linkafuna gitala. Bambo anga anali mkamwini wochokera kutsinde kwa phiri la Michesi. Anthu ankawaseka kuti akamwini anzawo anabwera ndi khasu ndi nkhwangwa, iwo anabwera ndi gitala ya besi ndi kabokosi kolira. Bambo sankakwiya nazo. Khasu ankaligwira ndithu, koma Loweruka ankamanga kabokosiko pakeliyala ya njinga, gitala kumsana, n'kupita kukaimba ku maukwati. Sopo ndi mchere wa pakhomo pathu zinkachokera kumeneko.

Kabokosiko ndiye ampu. Inali yaing'ono, yolekeza m'mawondo mwanga, yoyendera batire la galimoto, ndipo sipika yake inali itatopa. Chipepala chake chinang'ambika kalekale, bambo n'kumata ndi solushoni wa matayala a njinga. Ukakhudza nsambo yaikulu ija, m'malo mogunda pamtima inkangolira ngati mbuzi yachimfine. Komabe ine besi ndinaphunzirira pa ampu yomweyo, ndipo pofika chaka chimenecho ndinkaimba kutchalitchi kwathu bambo akachoka. Luso lina ndinalibe. Kusukulu ndinali wapakatikati, kusinja ndinkachita kulira nako, koma besi ndinkaimva m'mafupa. Amayi atapita, ndi pokhapo pamene mtima wanga unkakhala pansi.

Mwambo wa kwathu mukuudziwa. Mkazi akamwalira, achibale ake amadikira kuti maliro azizire, kenako amasudzula mwamunayo kuti abwerere kwawo. Ana amatsala ndi a kuchikazi. Mwinimbumba wathu anali amalume a Nampeya, munthu wachilungamo mpaka kutopetsa. Ankanyansidwa ndi mbiri ya anthu olanda katundu pamaliro, moti anauza bambo poyera kuti, "Alamu, chanu chilichonse mudzatenge, ngakhale singano. Cha mlongo wanga chokha ndicho chitsale ndi ana." Za ine anawonjezera kuti gitala ikachoka zikhala bwino, popeza mtsikana woyenda ndi gitala amathera m'mabala. Ndinamva mawu amenewo ndikusenda chinangwa kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinadziwa kuti nditaya bambo ndi besi tsiku limodzi.

M'mawa wina titakolola, tsiku losudzula likuyandikira, bambo anatulutsa ampu pakhonde n'kundiitana.

"Edina, katenge sipika ya amayi ako ija."

Amayi ankagulitsa thobwa ndi zitumbuwa pamsika, ndipo pokopa anthu anali ndi wailesi ya kaseti ndi sipika yaikulu imene anasinthanitsa ndi nandolo wawo kwa munthu wina wochokera ku Mozambiki. Ankaikhazika kukamwa kwa mtsuko kuti izigunda bwino. Chimwalirireni mwini wake, inali pansi pa bedi, yokutidwa ndi chitenje. Poinyamula ndinamva kulemera kwa maginito ake, ndi kafungo ka utsi wa zitumbuwa kamene kanali kasanachoke.

Bambo anamasula sipika yakale, n'kuyala ziwirizo chafufumimba pamphasa. Anandionetsa nambala yolembedwa kumbuyo kwa iliyonse. "Izi zikasiyana ampu imapsa," anatero. "Zafanana. Mwayi wathu." Atayesa yaikuluyo pathabwa lakutsogolo, bowo linachepa. Anajambula mzere wozungulira ndi pensulo yanga ya kusukulu, anakulunga kansalu kumapeto kwa mpeni wa sowo yodulira zitsulo, n'kundipatsa.

"Udule ndiwe. Koma umvetse kaye. Bowo ukalikuza silibwereranso, yakaleyi izidzangogwera m'kati. Kuimbaku ukukufunadi?"

Ndinaona ngati funso lopanda mutu. Ndani sankadziwa kuti ndimafuna kuimba? Ndinayankha kuti eya, mopupuluma, maganizo anga onse ali pa mmene anzanga a kwaya adzadzidzimukire.

"Dula basi."

Ntchito ija inali yowawa kuposa mmene ndinkaganizira. Sowo inkakakamira, utuchi unkalowa m'mphuno, ndipo dzuwa lisanafike pamutu ndinali ndi matuza. Kangapo konse ndinawapatsa bambo kuti amalize, iwo n'kungopinda manja. Ankangonena kuti, "Pang'onopang'ono, tsata mzere," ngati kuti thabwalo silinali lawo. Ndinawakwiyira chamumtima. Munthu wamkulu, manja ali nawo, n'kumaonerera mwana akutuluka thukuta!

Bowo litatheka, zotsalazo anandiphunzitsa chimodzichimodzi, osakhudza okha. Ndinadula mphira wa chubu cha njinga n'kuyala m'mphepete mwa bowo kuti mpweya usamathawire m'mbali, chifukwa besi, malinga ndi iwo, imakhala mu mpweya wotsekeredwa m'bokosi. Ndinagunditsa mawaya a sipika pa batire la tochi kuti ndione mbali imene chipepala chikudumphira kunja, ndipo waya wofiira unapita pamenepo. Powotcherera tinalibe chida chenicheni, tinangotenthetsa msomali waukulu pambaula mpaka unasungunula mtovu. Masikuluwu anati ndimange moyang'anizana, uku kamodzi uko kamodzi, kuti sipika isapendekeke. Ndikafulumira ankandibweza kuti ndiyambirenso.

Titalumikiza batire, anandipatsa gitala. Ndinakhudza nsambo yaikulu ija, ndipo mawu amene anatuluka sindinawamve ndi makutu okha. Anadutsa pakhonde, n'kukwera m'miyendo, n'kudzakhala pachifuwa. Nkhuku zinabalalika, fumbi linagwa kudenga la udzu. Ndinaseka mokweza koyamba chiikireni maliro. Bambo anatenga gitala, anaimba pang'ono nyimbo ina imene amayi ankaikonda posinja, osaimaliza, n'kundibwezera. Kenako anapita kudimba.

Tsiku losudzula, achibale anakhala pansi pa mtengo wa mango, katundu atayalidwa pamphasa ziwiri. Uku kunali miphika, zitenje ndi wailesi ya amayi. Uko kunali njinga, bulangete, jekete ndi gitala. Amalume ananyamula ampu okha n'kuiika kumbali ya bambo.

"Iyi ndi yanu, alamu. Munabwera nayo tikuona."

"Bokosi ndi langadi," bambo anayankha mofatsa, chipewa chili m'manja. "Koma sipika ili m'katimo ndi ya malemu. Ija ya kumsika."

Amalume anawerama n'kusuzumira. Anaizindikira, popeza iwonso ankamwa thobwa pafupi nayo. "Ndiye ichotseni, mubwezeremo yanu."

"Kuchotsa ndingachotse. Koma yanga singakhalemonso, bowo linakula. Ikachoka iyi, bokosili ndi nkhuni basi."

"Analikuza ndani?"

"Mbumba yanu yomweyi, ndi manja ake."

Maso onse anatembenukira kwa ine, ndipo ndinabisa manja m'chitenje. Amalume anasuzumiranso m'bokosimo. Kulola kuti ampu ipite kukanakhala kupereka katundu wa mlongo wawo kuchimuna. Kuchotsa sipika kukanakhala kubweza mlamu wawo ndi bokosi lobooka, lowonongedwa ndi mwana wa pamudzi pawo, anthu n'kumanena. Kuisunga yonse kukanakhala kulanda kuja ankadana nako. Amayi aang'ono anayamba kuseka chobisa kukamwa.

Bambo ndiwo anawatulutsa m'vutomo. "Mukandilola, gawo langa ndimusiyire mwana, pamaso pa anthu onsewa, pasadzakhale wonena kuti munalanda. Gitala yopanda ampu ndi thabwa chabe, nayonso itsale."

Amalume anapukusa mutu, akudzisisita pankhongo. "Alamu, mwandikola. Chabwino. Koma aziimba kutchalitchi kokha. Ndikadzamva kuti waoneka ku ukwati ndi chinthuchi, ndidzachiponya m'chitsime."

Madzulo a tsiku lomwelo bambo anakwera njinga yopepuka n'kulowera njira ya ku Michesi. Ndinalira, ndipo kwa miyezi ndithu ndinkawaimba mlandu woti anandisiya, ngakhale ndinkadziwa kuti pamudzi pa eni sakanakhala. Besi ndinapitiriza. Sipika ikamasuka ndinkaimanga ndekha, waya ukaduka ndinkatenthetsa msomali. Amalume aja anayamba kukhala pabenchi lakutsogolo kutchalitchi, nkhope ili gwa, koma phazi likugunda pansi.

Panapita nthawi ndisanakawaone bambo, chifukwa mtsikana sankangonyamuka yekha ulendo wotero. Nditapita, ndinawapeza akutsika m'phiri ndi mtolo wa nkhuni zogulitsa, ataonda pang'ono. Anatula mtolowo n'kundigwira dzanja, ndipo pamenepo ndinamva chinthu chimene sindinkachiyembekezera. Zikhatho zawo zinali zokhakhala ndi nkhwangwa, koma nsonga za zala zakumanzere, zimene woimba besi aliyense zimamuuma ngati chikopa, zinali zofewa.

"Ababa, simuimbanso?"

"Ndiimbire pa chiyani?" anatero akuseka. Anatembenuza dzanja langa, n'kupapasa nsonga za zala zanga chimodzichimodzi. "Ee, izi ndiye zala. Ukulimbikira."

Nthawi yonseyo ndinkaganiza kuti kwawoko anapeza gitala ina, monga mwana amaganizira kuti akuluakulu sasowa kanthu. Sanaipeze, ndipo mpaka imfa yawo sanaimbenso ku ukwati uliwonse. Lero ndine mayi wa ana anga, ndimaimbabe besi, ndipo ndimamvetsa zimene ndinalephera kuona ndili wamng'ono. Mkamwini analibe munda woti andisiyire, analibe nyumba, analibe ngakhale mawu pa za tsogolo langa. Anali ndi chinthu chimodzi chokha chimene chinkawadyetsa ndi kuwasangalatsa, ndipo anachikonza mwadala kuti iwo eni alephere kuchoka nacho. Ndaphunzira kuti kupereka kwenikweni sikuchita phokoso, ndipo wolandirayo kawirikawiri amazindikira mochedwa. Ine ndinazindikira zala za bambo anga zitafewa kale.